Mpando wa Mtengo ndi Mbiri ya Minda ya Tiyi kwa Nchilamwela

Pa Chichewa mawu akuti "mpando" amasenza katundu wolemera kuposa matabwa ndi misomali. Munthu akasankhidwa kutsogolera msonkhano amatchedwa wapampando, ngakhale msonkhanowo uchitikire pansi pa mtengo wa mango pomwe palibe chokhalira chilichonse. Mfumu ikamwalira, mbumba imakhala upo kukambirana za amene alowe pampando. Wina akapeza udindo wa malipiro abwino anthu amati wakhala pampando wonona, ndipo andale akayamba kuyendayenda m'midzi aliyense amadziwa kuti akulimbirana mpando.

Komatu mpando wa miyendo inayi ndi chotsamira kumsana ndi mlendo m'midzi ya ku Thyolo. Udafala m'zaka zosapitirira 150 zapitazi, ndipo udadza pamodzi ndi mishoni, boma la atsamunda ndi minda ya tiyi. Kwa Nchilamwela, dera limene lazingidwa ndi minda imeneyi kufupi ndi boma la Thyolo, mpandowo sudangosintha kakhalidwe ka thupi. Udatembenuzanso mwambo wa ulemu umene anthu adausunga kuyambira kalekale.

Mpando usadabwere

Makolo akale sankasowa pokhala. Padali mphasa ya bango, mkeka wa mlaza, chikopa cha nyama, chipika cha pabwalo ndi khonde lozira bwino. Mlendo akafika, ntchito yoyamba ya mwini nyumba idali kumuyalira mphasa, ndipo malonje ankayamba mlendoyo atakhala. Padalinso malo amene mwana sankaloledwa kukhalapo, monga pamtondo ndi pamafuwa, pakuti izi zidali zida za chakudya cha banja.

Kwa akuluakulu padali kampando kosema. Mmisiri ankadula chipika chimodzi, nachiumika pamthunzi kuti chisang'ambike, kenaka nachisema ndi nkhwangwa, kasemasema ndi mpeni. Pamwamba ankakumbapo pang'ono kuti munthu akhazikike, pansi ankasiyapo tsinde lotambalala, ndipo pakati ankagoba mtengowo mpaka kutsale mzati umodzi kapena timizati tingapo. Kampandoka kadalibe cholumikiza, msomali kapena ulimbo. Mphamvu yake idali yakuti mitsempha ya mtengo inkayenda yosaduka kuchokera pamwamba mpaka pansi. Kadali kafupi chifukwa moyo wonse wa pamudzi unkachitikira pansi: kuphika, kuotha moto, kusula, kuluka nsengwa ndi kuweruza milandu.

Pamoyo wotere ulemu udali kudzitsitsa. Mwana wotumidwa kwa wamkulu ankayamba wagwada kapena kunjuta asadatsegule pakamwa. Mkamwini sankalankhula ndi apongozi ali chiimire, ndipo wobwera ndi dandaulo kwa mfumu ankakhala pansi, naomba m'manja, ndiye n'kufotokoza. Kuimirira pamaso pa wamkulu amene wakhala kudali mwano, chifukwa mutu wa wamng'ono sunkayenera kupitirira mutu wa wamkulu.

Akalipentala a kumishoni

Mishoni ya Blantyre idakhazikitsidwa m'chaka cha 1876, ndipo pakati pa Azungu a ku Scotland amene adadza kudzaigwira ntchito padali amisiri a manja. Pambali pa kuwerenga ndi kulemba, anyamata ankaphunzira kuumba njerwa, kusindikiza mabuku ndi ukalipentala. Tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene chidamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi Mbusa David Clement Scott, chidatuluka m'manja mwa anthu a dziko lino amene adaphunzira ntchitoyo ali pantchito pomwepo. Kumpoto, sukulu ya Overtoun ku Livingstonia idayamba mu 1894, ndipo ku Blantyre sukulu ya Henry Henderson idatsegulidwa mu 1909. M'boma la Thyolo, mishoni imene pambuyo pake idatchedwa Malamulo idayamba mu 1902 kufupi ndi Makwasa. Paliponse pamene padamangidwa tchalitchi kapena sukulu pankafunika mabenchi, tebulo la mphunzitsi ndi mpando wake.

Zida zatsopano zidabwera ndi maina ake amene adakhazikika m'Chichewa mpaka lero: sowo, puleni, tchizulo, hamala ndi sikweya. Matabwa ankachekedwa ndi anthu awiri, wina ataima pamwamba pa chipika, mnzake ali m'dzenje pansi pake, akukokerana sowo yaitali. Apa mpamene padagona kusiyana kwakukulu. Wosema amachotsa mtengo mpaka chinthu chimene akufuna chitsale, koma kalipentala amapanga zidutswa zambiri n'kuzilumikiza. Choncho luso lonse la mpando watsopano lidali pa malo olumikizira, amene akalipentala amati majoini.

Joini yodalirika ndi ija imene mmisiri amaboola chiboo cha ngodya zinayi pa mwendo wa mpando, nasema nsonga ya thabwa lina kuti ilowe m'chiboomo mothina. Akatero amathirapo guluu, amene kale ankaphikidwa kuchokera ku zikopa ndi mafupa, kenaka amakhoma chikhomo cha mtengo chopyola zidutswa zonse ziwiri. Luso limeneli ndi lakale kwambiri. Mipando imene Howard Carter adaipeza m'manda a Mfumu Tutankhamun ku Egypt, amene adatulukiridwa mu 1922, idalumikizidwa mwa njira yomweyi zaka zoposa 3,000 zapitazo.

Pa mpando wopangidwa bwino, miyendo iwiri yakumbuyo ndi mizati ya chotsamira zimachokera ku thabwa limodzi losaduka. Malo amene amavutika kuposa onse ndi pamene mtanda wa m'mbali ukumana ndi mwendo wakumbuyo, chifukwa munthu akatsamira, kapena akapendeketsa mpando monga amachitira ana a sukulu, mphamvu yonse imathera pomwepo. N'chifukwa chake mmisiri wanzeru ankaikanso timitanda tapansi tomanga miyendo kuti isatangadze, ndiponso sankagwiritsa ntchito thabwa laliwisi, pakuti likauma limafota ndipo joini imasukusa.

Mpando wakale umadziwika ndi zizindikiro zake. Kunsi kwa pokhalira, kumene mmisiri sankavutika kusalaza, kumaoneka mizere yosafanana ya sowo ya manja, pamene sowo yozungulira ya makina imasiya mizere yokhota. Zikhomo zimatumphuka pang'ono chifukwa thabwa lafota m'kupita kwa zaka. Kamtanda kakutsogolo kamakhala kodyeka pakati, pamene pankaponda mapazi a eni ake.

Khonde la bwana

Dziko lino litakhala pansi pa ulamuliro wa Britain mu 1891, Harry Johnston adapereka zikalata zotsimikizira kuti malo aakulu a m'mapiri a Shire ndi a Azungu amene ankati adawagula kwa mafumu. Ku Thyolo gawo lalikulu lidagwa m'manja mwa Eugene Sharrer, ndipo mu 1902 lidapita ku kampani ya British Central Africa. Tiyi adayamba kudzalidwa ngati mbewu ya malonda ku Mulanje mu 1891 ndi Henry Brown, ndipo adafika ku Thyolo mu 1908 pa munda wa Bandanga. Pambuyo pake padabwera ena, monga Ignaco Conforzi wa ku Italy ndi Maclean Kay wa ku Scotland, amene adayamba munda wa Satemwa mu 1923 namanga nyumba ya Huntingdon mu 1928.

Manja ogwira ntchito adachokera kwa Amang'anja amene adapezeka pamalowo, ndi kwa Alomwe amene ankaoloka malire kuthawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique kuyambira cha m'ma 1900. Obwerawa adalibe malo awoawo, ndipo paja akuluakulu adati kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukalifuna. Adaloledwa kumanga ndi kulima pa malo a Azungu pokhapokha atagwira thangata. Mawu amene kale ankatanthauza kuthandizana pakati pa anansi adasanduka dzina la ntchito yokakamiza yolipirira malo okhala.

Nyumba za eni minda zidali ndi makonde aakulu, ndipo pamakondepo padali mipando ya mtundu umene udatchuka pakati pa alimi a tiyi a ku India ndi Ceylon, dziko limene lero likutchedwa Sri Lanka. Mpando wotere ndi waufupi, chotsamira chake n'chopendekera kumbuyo, pokhalira pake ndi poluka kuti mphepo izidutsa nyengo yotentha, ndipo mikono yake ndi yaitali kotero kuti munthu amatha kusanjikapo miyendo. Mipando yopumulirapo chotere, pamodzi ndi ija yopinda ya chiguduli, anthu adaitcha ndalema. Dzinali lili ndi nthabwala yake, chifukwa wokhala pa ndalema sadali amene watchola tiyi kuyambira m'bandakucha.

Pakhonde limeneli mpamene miyambo iwiri idagundana. Kwa Mzungu, wamng'ono amaimirira pamene wamkulu wakhala, ndipo kukhala usadauzidwe ndi chipongwe. Kwa Mmang'anja ndi Mlomwe, wamng'ono amadzitsitsa, ndipo kuimirira ndiye chipongwe. Munthu wobwera kudzapempha malo a munda kapena kudzadandaula za tikiti yake ya ntchito adayenera kuphunzira kuima chilili padzuwa, chipewa chili m'manja, akulankhula ndi munthu wogona pa ndalema. Ngakhale nyakwawa ya imvi, imene kumudzi anthu ankaigwadira, inkaimirira pamaso pa mnyamata wongofika kumene kuchokera ku Ulaya. Nkhani zooneka zazing'onozi zinkawawa. Boma litafufuza zifukwa za kuukira kwa John Chilembwe kwa mu 1915, mboni zachikuda zidadandaula poyera za lamulo losalembedwa lakuti munthu wakuda avule chipewa akakumana ndi Mzungu. Mkwiyo wa pa nkhani ya malo ndi thangata udaphulikanso ku Thyolo mu Ogasiti 1953, kuyambira pa munda wa Mangunda, ndipo anthu 11 adaphedwa m'zipolowe zimene zidafalikira m'chigawo cha kummwera. Thangata lidathetsedwa mwalamulo mu 1962.

Mpando ulowa m'mudzi

Chinthu chimene munthu wamanidwa ndicho amachilakalaka. Malamulo a mu 1912 ndi 1933 atapereka mphamvu zina kwa mafumu, mabwalo a milandu adayamba kukhala ndi tebulo, buku, mlembi ndi mpando wa mfumu. Mphunzitsi, kalaliki, mlaliki ndi kapitawo nawo ankaika padera ndalama yokapangitsa mpando kwa kalipentala, ndipo amene ankabwerera kuchokera ku Salisbury kapena ku Joni ankafuna kuti pabalaza pawo paonetse kuti adayenda. Wotchuka pakati pa anthu otere udali mpando wa Morris, umene udayamba kugulitsidwa ku England m'zaka za m'ma 1860, wa mikono yathyathyathya, makushoni ochotseka ndi chotsamira chosunthika. Wosauka ankakhalira chipika, kabenchi kapena bokosi lotha ntchito la kufakitale.

M'nyumba zambiri mpando udali umodzi, ndipo unkadziwika kuti ndi wa bambo. Mwana sankaukhalira ngakhale mwini wake ali kutali. Unkasiyidwira mlendo yekha, pakuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Amayi adatsalira pamphasa, ndipo mpaka lero pamaliro ambiri a kumudzi mipando ndi mabenchi zimapita kumene kwakhala abambo.

Chotsatira chake n'chakuti miyambo iwiri ija idayamba kuyendera limodzi. Mwana wa sukulu amaimirira mphunzitsi akalowa m'kalasi, koma akafika kunyumba amagwada popereka madzi kwa agogo ake. Khamu limaimirira mfumu ikamafika pamsonkhano, koma wofuna kuinong'oneza mawu amanjuta pambali pa mpando wake. Ambiri amachita zonsezi osadziwa kuti mwambo wina udachokera pabwalo ndipo wina udachokera pakhonde la bwana ndi m'kalasi ya mishoni.

Mipando ya m'nyumba zosungiramo zinthu zakale

Mitundu ina ya mu Africa idadziwa kale kuti chokhalira chimasunga mbiri. Kwa Aasante a ku Ghana, mpando wagolide ndiwo moyo wa fuko, ndipo ngakhale mfumu siukhalira. Bwanamkubwa Frederick Hodgson atalamula mu 1900 kuti aubweretse kuti akhalepo, padabuka nkhondo imene adaitsogolera mayi Yaa Asantewaa. Achokwe a ku Angola adaona mipando ya Apwitikizi, natengera kalumikizidwe kake, koma pa timitanda take adasemapo zithunzi za moyo wawo, monga alenje, oimba ng'oma ndi zigoba za kuchinamwali. Mipando yawo yambiri lero ili m'nyumba zosungiramo zinthu zakale za ku Ulaya ndi ku America. Mpando wa mikanda wa mafumu a Bamum ku Cameroon, umene Mfumu Njoya adaupereka kwa Wilhelm II mu 1908, uli ku Berlin. Pa timapepala tofotokozera zinthu zotere pamalembedwa fuko, mfumu ndi Mzungu amene adazitenga, koma dzina la mmisiri limapezeka mwa apo ndi apo.

M'Malawi muno lamulo lokhazikitsa nyumba yosungiramo zinthu zakale lidaperekedwa mu 1957. Zinthuzo zidayamba kuonetsedwa ku Mandala House, nyumba ya mu 1882, zisadasamukire ku Chichiri kumene nyumba yatsopano idatsegulidwa mu 1966. Ku Livingstonia, nyumba ya miyala ya mu 1903 imene ankakhalamo Dr Robert Laws imasunga katundu wa nthawi ya amishoni oyamba, ndipo ku Mua, malo a KuNgoni amene adayambitsidwa ndi Bambo Claude Boucher mu 1976 adakweza luso la kusema. Malo onsewa ndi ofunika, koma katundu amene amafika m'nyumba zotere kawirikawiri ndi wa anthu otchuka. Mpando wa kapitawo, benchi ya tchalitchi cha kumudzi ndi kampando ka nyakwawa sizikhala ndi wozinyamula kupita nazo ku Chichiri.

Kunja, dzina la Malawi limadziwika ndi mipando ina iwiri. Woyamba ndi uja ogulitsa ziboliboli amautcha mpando wa mfumu. Uli ndi matabwa awiri okha. Lalitali ndilo chotsamira, losemedwa njovu, nsomba kapena mudzi, ndipo lili ndi chiboo chakumunsi. Linalo ndilo pokhalira, ndipo lili ndi mchira umene umapyola m'chiboomo n'kukagunda pansi kumbuyo. Kulemera kwa munthu wokhalapo ndiko kumamanga matabwawo, ndipo akanyamuka mpando umasolotoka n'kunyamulidwa m'khwapa. Wachiwiri ndi uja wa nsungwi woluka, umene umagulitsidwa mpaka ku South Africa ndi ku Ulaya. Yonse iwiri ndi ya luso ndipo imadyetsa mabanja. Komabe ndi mipando ya pamsika, yopangidwira maso a wogula, ndipo wofuna kudziwa m'mene anthu a kwa Nchilamwela ankakhalira m'masiku a thangata saipeza nkhaniyo pa njovu zosemedwa bwinozo. Nkhaniyo ili pa mpando wosakongola umene uli kuseri kwa nkhokwe, mwendo umodzi utamangidwa ndi waya.

Mitengo imene idatha

Pali chifukwa china chimene mipando yakale iyenera kusamalidwira. Amisiri a kale ankasankha mbawa chifukwa cha kufiira ndi kusalala kwake, mlombwa chifukwa supindika ukauma, ndi mkungudza wa ku Mulanje chifukwa cha fungo lake ndiponso chifukwa chiswe chimaulambalala. Mkungudzawu, umene akatswiri adautcha dzina la Alexander Whyte, udalengezedwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, koma kalembera wa mu 2017 adapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha m'phiri lonse la Mulanje. Nkhalango ya m'phiri la Thyolo nayo idagwetsedwa pafupifupi yonse kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, pamene anthu osowa malo adakwera phiri ndi makasu. Kusowa malo kumeneko muzu wake ndi zikalata zija za m'masiku a Johnston.

Kalipentala wa lero pamsika wa Thyolo amadalira bulugama ndi paini, ndipo wogula akamufulumiza amakhoma misomali pa thabwa losauma. Paukwati ndi pamaliro pamabwera mipando ya pulasitiki yobwereka, imene ikathyoka palibe mmisiri angaikonze. Choncho mpando wa mbawa kapena wa mkungudza umene banja lidasiyiridwa ndi agogo sungapangidwenso. M'thabwa lake muli nkhalango imene kulibenso.

Kuusamala sikulira ndalama. Mpando usakhale pa dothi lachinyontho kapena pakhonde lofika mvula, ndipo miyendo yake iziyang'aniridwa ngati mukutuluka fumbi la tizilombo. Usapakidwe penti, chifukwa penti imabisa mtundu wa mtengo ndi zizindikiro za zida. Joini ikasukusa, ipite kwa kalipentala woleza mtima kuti aimasule, aiyeretse ndi kuimanganso ndi guluu ndi chikhomo, osati kuikhoma msomali umene umang'amba thabwa. Koposa zonse, wina m'banjamo akhale pansi ndi okalamba amene atsala, afunse ndi kulemba m'kope kuti mpandowo adaupanga ndani, adaphunzira kuti ukalipentala, mtengo wake udadulidwa kuti, adaugula ndani ndipo ndi ndalama ya ntchito yanji, ndiponso ndani ankaloledwa kuukhalira. Aphunzitsi a mbiri m'sukulu za m'derali angathe kutuma ophunzira awo ntchito yomweyi, ndipo makope otere angasungidwe kusukulu, kutchalitchi kapena ku bwalo la mfumu.

Akuluakulu adati mawu a akulu akoma akagonera. Amene adagwira thangata asadathe mu 1962, ngakhale adali achinyamata pa nthawiyo, lero apyola zaka 75. Iwowa ndiwo angaloze mpando ndi kutchula dzina la mmisiri wake, ndipo iwowa ndiwo akukumbukira kuima padzuwa kunsi kwa khonde. Wofuna kuwafunsa apite msanga, ndipo akafika ayambe wakhala pansi.